Mabungwe olimbana ndi umphawi mu Blantyre: ndi ati, amagwira bwanji ntchito, nanga amalekezera pati?

Kuyambira mu Januwale 2025, pomwe boma la America linaimitsa thandizo lomwe limapereka kumaiko ena, nkhani ya mabungwe siikutha pawailesi ndi m'maminibasi. Ena akuti mabungwe ambiri atseka ndipo odwala aona zakuda. Ena akuti ino ndiyo nthawi yoti magulu a m'madera aime paokha. Palinso amene amangoti, "Aaa, amenewo amangodyera m'mahotela basi." Onsewa akhoza kukhala akunena zoona, chifukwa aliyense ali ndi anthu ake m'maganizo. Amayi a ku Bangwe amene amasonkha ndalama pakhonde Loweruka masana safanana ndi bungwe lokhala ndi ofesi, akauntanti ndi magalimoto. Kuti mkanganowu umveke, tiyambe tasiyanitsa anthuwa, kenako tione mavuto amene akulimbana nawo mumzinda uno.

Ndani ali pa ntchitoyi

Gulu la m'dera, lomwe ambiri amangoliti CBO, limayambitsidwa ndi anthu okhala pamalopo ndipo ntchito yake siidutsa dera lawolo. Likhoza kukhala la amayi osamalira ana amasiye, la achinyamata otola zinyalala, kapena la anthu omwa ma ARV amene amalimbikitsana. Limalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ambiri alibe ofesi: kaundula amakhala m'chikwama cha mlembi, misonkhano imachitikira m'tchalitchi kapena m'kalasi ana akaweruka.

Bungwe lomwe si la boma, NGO, n'lina. Limalembetsa motsatira lamulo la mabungwe la 2001, lomwe linakonzedwanso mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwewa. Lili ndi antchito olandira pamwezi, limayenera kupereka lipoti la chuma chaka ndi chaka, ndipo ambiri ndi mamembala a CONGOMA, bungwe lobweretsa pamodzi mabungwe oterewa. Ndalama zochokera kunja kawirikawiri zimafikira ku NGO, iyo n'kumagwira ntchito kudzera m'magulu a m'madera. Choncho munthu amene wagogoda pakhomo panu atavala tisheti ya pulojekiti nthawi zambiri si wolembedwa ntchito ayi, ndi mnansi wanu wongodzipereka.

Mipingo ndi mizikiti ndiyo yakale kuposa onsewa. Mzinda weniweniwu unayamba ndi mishoni ya Church of Scotland mu 1876, ndipo sukulu ndi mankhwala zinafika ndi amishoniwo boma la atsamunda lisanakhazikike. Mpaka lero amayi a Mvano, a Dorika, miphakati ya Akatolika ndi Asilamu kudzera m'chopereka cha zakaat ndiwo amafika msanga pamaliro ndi pamatenda, osafunsa fomu.

M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambitsa gulu popanda chilolezo cha achipani kunali kudziputira mavuto. Mabungwe akunja anachuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pomwe anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique analowa m'dziko muno, ndipo ufulu wosonkhana unabwera ndi referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Koma chimene chinabala magulu ambiri a m'madera ndi Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 mawodi a ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, anali odzaza mpaka ena kugona pansi. Odwala ambiri ankabwezedwa kukadwazikidwa kunyumba, kumene anansi ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwaphikira phala. National AIDS Commission itakhazikitsidwa mu 2001 n'kuyamba kugawa ndalama kumagulu otere, chiwerengero chinakwera: ena enieni, ena a m'chikwama ongonunkhiza ndalamazo. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 odwala ogonera anachepa, thandizo lija nalo linayamba kuchepa. Magulu ambiri anatha. Amene anatsala anasintha ntchito, n'kutsegula sukulu za mmera mpoyamba kapena banki mkhonde.

Umphawi wa m'tauni

Boma limayeza umphawi poona zimene munthu amagwiritsa ntchito pa chakudya ndi zofunika zina. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/2020 anaika malire pa K165,879 pa munthu mmodzi pa chaka, n'kupeza kuti anthu pafupifupi 51 mwa 100 alionse anali pansi pa malirewo. Kumidzi anali 57 mwa 100, m'matauni 19 okha. Ziwerengerozi ndizo zimachititsa kuti boma ndi opereka thandizo ayang'ane kwambiri kumudzi, ndipo n'zomveka, popeza osauka ambiri alidi kumeneko.

Koma amene amagwira ntchito ku Ndirande kapena ku Mbayani amati muyesowu suona zonse. Wakumudzi, ngakhale asauke chotani, sapereka lendi, nkhuni amatola, ndiwo zamasamba amathyola kudimba. Kwa wam'tauni chilichonse n'chogula, ngakhale kulowa m'chimbudzi cha kumsika. Amagulanso modula chifukwa amagula pang'onopang'ono: wokumani wokwana nsima ya usiku umodzi, mafuta ophikira oyeza m'kapulasitiki, kamulu ka makala, kamulu ka bonya. Mukawerengetsa mwezi wonse, walipira zambiri kuposa amene anagula thumba la chimanga kamodzi. Ganyu akasowa masiku atatu, moto suyaka pakhomopo. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunapweteka kwambiri anthu otere.

Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa ovutikitsitsa, inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo kwa zaka zambiri inali ya kumidzi. Anthu a m'mizinda anaionako bwino mu 2021, nthawi ya Covid-19, pomwe mabanja osankhidwa a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kudzera pafoni.

Pakati pa zonsezi, chimene chagwira mizu m'makomboni ndi banki mkhonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Anthu 15 mpaka 25 odziwana amagula masheya sabata iliyonse, n'kumabwerekana ndalamazo pa chiwongoladzanja chimene agwirizana okha. Pamene njirayi ikutsatidwa bwino, ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limatsegulidwa pamaso pa onse. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Chaka chikamatha, makamaka mu Disembala, amagawana zonse pamodzi ndi phindu, ndiye mumaona malata atsopano ndi feteleza akupita kumudzi. Imasiyana ndi chipereganyu, momwe anthu amangopatsana mosinthana popanda phindu, ndipo imasiyana ndi katapila chifukwa chiwongoladzanja chimabwerera kwa eni ake.

Ili ndi polekezera pake. Wosauka kwenikweni, amene alibe yoika sabata iliyonse, salowamo. Ngongole yotengera geni ikathera ku fizi kapena ku mankhwala, ena amakabwereka kugulu lina kuti abweze kuno, mapeto ake n'kulandidwa katundu wa m'nyumba ndi anzawo omwe amapemphera nawo limodzi. Oyamikira njirayi amati yaphunzitsa amayi kusunga ndi kudziimira. Oikayikira amati imangozunguliza ndalama zochepa zomwezo pakati pa osauka okhaokha.

Chitsanzo cha momwe bungwe lalikulu limadalira anthu a m'dera ndi phala la kusukulu. Mary's Meals inayamba mu 2002 ndi ana 200 okha, lero imadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'Malawi muno. Ufa wa likuni umabwera ndi bungwe, koma amene amadzuka kusanache kukakoleza moto ndi kutakasa mapoto akuluakulu aja ndi makolo, osalandira kanthu.

Kusowa pokhala

Tikamva za osowa pokhala timaganiza za anthu ogona m'makonde a mashopu ku Limbe, kudepoti ya Wenela kapena pafupi ndi msika wa Blantyre. Alipodi, ndipo pakati pawo pali ana, odwala matenda a maganizo, ndi ena amene anabwera kudzafuna ntchito n'kusowa yobwererera. Koma gulu lalikulu kwambiri ndi la anthu amene denga ali nalo koma sadziwa ngati mawa lidzakhalepo: wa lendi amene alandilodi angamutulutse mwezi ukatha, womanga pamalo opanda mapepala, wokhala m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo kapena Naperi, ndi wokhala pamtsetse wa phiri. Anthu oposa theka la mzinda uno amakhala m'madera osakonzedwa ndi khonsolo.

Izi sizinangochitika. M'nthawi ya atsamunda, pakati pa tauni panali pa azungu ndi amwenye, ndipo malo ambiri abwino anali m'manja mwa makampani monga Mandala. Antchito achikuda ankayembekezeka kugona kunja kwa malire, ndiye midzi ngati Ndirande inakula moyandikana ndi mafakitale kuti anthu aziyenda wapansi popita kuntchito. Malawi Housing Corporation itakhazikitsidwa mu 1964 inamanga nyumba zobwereketsa, komanso inkagawa mapoloti m'madera monga Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi South Lunzu, kuti munthu adzimangire yekha monga mwa mphamvu zake. Koma anthu anachuluka kuposa mapoloti. Mu 1966 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 110,000. Kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 800,000. Wosowa poloti anapita kwa mfumu kapena kwa mwini munda, n'kugula kamalo ndi kakalata kolemba pamanja. Malo athyathyathya atatha, anthu anayamba kukwera mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, mitengo n'kumapita ku makala ndi kuwotchera njerwa.

Zotsatira zake zinaoneka mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasamuka m'nyumba zawo. Oyamba kufukula anali anansi, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Sukulu zinasanduka misasa, ndipo mipingo, mizikiti, magulu a achinyamata ndi anthu osonkherana pa WhatsApp ndiwo anabweretsa mabulangete ndi ufa m'masiku oyambirira. Misasa itatsekedwa, funso lovuta linatsala: anthuwa apite kuti? Akuluakulu amati kuphiri n'koopsa, ndipo n'zoona. Okhalako amati malo akutali alibe ganyu, ndipo ya minibasi tsiku lililonse ingathe malipiro onse. Nazonso n'zoona. N'chifukwa chake ena anabwerera pamalo omwe aja.

Pali gulu limodzi lomwe linayesa kulowa pa nkhani ya malo yeniyeniyo. Bungwe la CCODE, lomwe linayamba mu 2003, limagwira ntchito ndi chitaganya cha anthu osauka, ambiri mwa iwo amayi a lendi, chomwe poyamba chinkatchedwa Malawi Homeless People's Federation. Mamembala amasunga kandalama tsiku ndi tsiku, osati kuti akhale ndi yomangira nyumba yonse, koma kuti adziwane, akhulupirirane, ndi kuonetsa khonsolo kuti akhoza kubweza ngongole. Atatero anakambirana ndi khonsolo ya mzinda n'kupatsidwa malo ku Angelo Goveya, komwe anamanga nyumba mazana angapo ndi ngongole za thumba lawo la Mchenga, njerwa akuumba okha. Amayendanso khomo ndi khomo kuwerenga mabanja, mipopi ndi zimbudzi za m'dera lawo, n'kujambula mapu, chifukwa dera losaoneka pa mapu a khonsolo silikumbukika pa bajeti. Ineyo ndimaona kuti ntchito ya mapuyi, ngakhale siioneka bwino pachithunzi ngati kugawa ufa, ndiyo imafika pafupi ndi gwero la vutoli. Komabe nyumba mazana angapo mumzinda wa anthu 800,000 n'zochepa, ndipo kubweza ngongole kwakhala kovuta kwa ena mitengo ya zinthu ikamakwera.

Za ana a m'misewu, Samaritan Trust yomwe inayamba mu 1993 ndi Chisomo Children's Club ya mu 1998 ndi ena mwa amene akhala nthawi yaitali. Zimene anapeza n'zakuti ana ambiri si amasiye otheratu. Ali ndi kholo kapena agogo, koma anathawa njala, nkhanza kapena banja losweka, ndipo ena amatumidwa kukapempha. Ndiye ntchito yaikulu ndi yofufuza achibale ndi kumubwezera mwanayo kwawo ndi kusukulu. Akapeza kunyumba kulibe chasintha, amabwerera kumsewu. Anthu a mumzinda, makamaka amene anaberedwapo madzulo, amafuna apolisi awasese. Omenyera ufulu amakumbutsa za lamulo loteteza ana la 2010, ndiponso za mlandu wa a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita kumsika mbandakucha. Pa mlanduwu, mu Januwale 2017, khoti lalikulu linagamula kuti gawo lina la lamulo la vakabu likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Kusiyana pa zaumoyo

Anthu sadwala mofanana, ndipo zina mwa izi palibe wolakwa: nkhalamba imadwala kuposa mnyamata. Chimene akatswiri amadandaula nacho ndi kusiyana kopeweka, kobwera chifukwa cha kumene munthu amakhala ndi zimene ali nazo m'thumba. Mwana wa ku Nyambadwe ndi wa ku Ndirande amakhala moyang'anizana, koma mwayi wawo wotsegula m'mimba chaka chino si umodzi.

Chipatala cha boma n'chaulere, inde. Koma kukafikako kumafuna ya kabaza kapena ya minibasi, tsiku lonse la ganyu limathera pamzere, ndipo mankhwala akasowa mumapatsidwa kapepala koti mukagule ku famase. Boma la Blantyre lilibe chipatala chake chachikulu monga maboma ena, choncho Gulupu, yomwe inatsegulidwa mu 1958 ndipo imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chakummwera, imasenzanso odwala ochokera m'zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni. Zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM, monga Mlambe ku Lunzu, zimalipiritsa, kupatula pa thandizo lina, makamaka la amayi oyembekezera ndi ana, pomwe pali mgwirizano woti boma lilipire.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Ambiri mwa madzi a mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonsewo ndi magetsi, ndiye ndi odula, ndipo magetsi akazima mipopi imauma. M'makomboni ambiri anthu amagula ndi ndowa pa kiyosiki. Makiyosiki ambiri tsopano amayendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene amalemba ogulitsa, kutolera ndalama ndi kulipira bilu ku Blantyre Water Board. Anabwera pambuyo poti makomiti akale asiya ngongole zazikulu mpaka madzi kudulidwa. Kiyosiki ikauma kapena ndalama ikasowa, mayi amatsikira kuchitsime kapena kumtsinje, kumene zimbudzi za kumtunda zimatsikira nthawi ya dzinja. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko lonse, inafika poti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Pa HIV, kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 14.2 mwa 100 alionse mumzinda wa Blantyre ali ndi kachilomboka, pomwe dziko lonse ndi 8.9. Apa ndi pomwe anthu odzipereka agwira ntchito yooneka. Alangizi a zaumoyo ndi antchito a boma, koma mmodzi amayang'anira anthu ambiri kuposa 1,000 amene ndondomeko imafuna. Amene amakalondola munthu wosiya mankhwala, amatolera makhololo kuti akayezedwe TB, kapena amakatengera anzawo ma ARV kuti onse asawononge ya transipoti, ndi anthu a m'magulu olimbikitsana, ena pansi pa NAPHAM, bungwe la anthu omwe ali ndi HIV lomwe linayamba mu 1993. Amamveredwa chifukwa nawonso amamwa mankhwala omwewo ndipo amadziwa khomo lililonse, ngakhale m'tinjira topanda dzina.

Ndalama, ndi zomwe sizinayankhidwe

Ndalama zoposa theka za ntchito ya zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa opereka thandizo, ndipo pa HIV n'zoposa pamenepo. Zimabwera ngati pulojekiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, yokhala ndi zolinga zolembedwa kale. Gulu lomwe vuto lake ndi ngalande likhoza kupezeka likuphunzitsa za chinthu china chifukwa ndiko kuli ndalama chaka chimenecho. Apanso ndi pomwe pamachokera chizolowezi cha alawansi, choti msonkhano wopanda kenakake sufikidwa. Thandizo la America litaima, oyamba kumva kuwawa anali odzipereka aja amene ankalandira kandalama ka sopo ndi ka mayunitsi.

Otsutsa ntchito ya mabungwe amaiyerekeza ndi ndowa yoika pansi pa denga lodontha: mphasa siinyowa, koma mwini nyumba amazolowera osakonza dengalo. Owaikira kumbuyo amayankha kuti wogona m'nyumbamo sangadikire mmisiri mvula ikugwa. Pamene mbali ziwirizi zimagwirizana n'pakuti malo, mapaipi, ngalande ndi chipatala n'zinthu zimene gulu la m'dera silingapereke palokha. Zimenezo n'za khonsolo ndi boma, ndipo tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala osankhidwa, nthawi imene mafumu a m'tauni, atsogoleri a mabuloko ndi achipani anazolowera kulankhulira anthu. Mpaka lero si nthawi zonse pamene zimadziwika kuti mndandanda wa olandira thandizo walembedwa ndi ndani.

Sizikudziwika ngati boma lingathe kutenga pa bajeti yake ntchito zimene zinkalipiridwa ndi akunja, ndiponso ngati odzipereka, amene ambiri ndi amayi osauka omwewo, ayenera kuyamba kulandira malipiro. Ena amaopa kuti mtima wodzipereka ungathe, ena amati kugwiritsa ntchito wosauka mwaulere n'kumudyera masuku pamutu. Lamulo la 2022 nalo likadali pa mkangano: boma limati likufuna kudziwa kumene ndalama zikupita, mabungwe ena amati likhoza kugwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa odzudzula. Palinso funso loti muyeso wa umphawi usinthidwe kuti uone lendi ndi madzi ogula, podziwa kuti kutero kungachotse gawo la thandizo kumidzi, komwe njala ndi yaikulu. Ndipo pa nkhani ya mapiri, palibe amene wafotokoza momveka kuti malo otetezeka, oyandikira ntchito, okwanira anthu onse okhala pamtsetse wa Soche ndi Ndirande adzachokera kuti, adzagulidwa ndi ndalama za yani, komanso ngati a lendi, amene alibe kakalata ka malo ngakhale kolemba pamanja, adzawerengedwa nawo.